Buku la Nsomba Lili pa Tebulo Lanu, Bwana

Kwa Wolemekezeka Wapampando,
Komiti Yosankha ndi Kusefa Mabuku,
Bungwe la Nyali ya Onse,
Bangkok.

Bwana wanga wolemekezeka,

Pepani kuti ndikukudetserani tebulo ndi pepala la kumsasa. Likafika likununkha utsi ndi nsomba zoola musaipidwe nalo, ndi fungo la kwathu. Ndinayesa kuliyanika koma mvula ya chaka chino sikupereka mpata. Ine ndine Naw Pleh Htoo, woyang'anira laibulale yanu ya kumtunda kwa mpope, mumsasa wathu uno wa othawa nkhondo wa pamalire. Dzina mwina simulikumbukira, koma msana wanga mukuudziwa. Uli pa chikuto cha lipoti lanu la chaka chatha, kumbuyo kwa inu pamene munanyamula mwana wa eni ake n'kumamwetulira.

Kalatayi ndaimatanso pa khoma la laibulale, ndipo ina ndapereka kwa olemba kanyuzipepala ka msasa. Si mwano ayi. Makalata anga akale ndinkaponya m'bokosi la maganizo limene munatipatsa lija, koma kiyi wake ali kwanu ku Bangkok, ndipo pano mavu amangamo chisa. Mavuwo akuwerenga bwino, sanadandaulepo.

Nkhani yanga ndi ya buku limodzi la nsomba ndi mayi mmodzi amene wasiya kudya. Koma munthu woleredwa bwino sayamba kupempha asanathokoze, choncho ndiloleni ndiyambe ndathokoza, ndipo zothokoza n'zambiri.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mabokosi a mabuku a chaka chino. Musanatumize munatifunsa zimene tikufuna kuwerenga, ndipo anthu anabwera ambiri kudzayankha. Amayi anati akufuna za mankhwala a ana ndi kalimidwe ka bowa pansi pa nyumba. Atsikana anati za chikondi, zokhala ndi wolira kumapeto. Abambo anati mbiri yathu. Zonsezo munazilemba, munatijambula titakweza manja, ndipo mabokosi atabwera tinaona kuti munatuluka nazo thukuta. Talandira buku lophunzitsa kutsetsereka pa chipale chofewa, mabuku awiri a kuphika makeke mu uvuni wamagetsi, ndi lina la kasamalidwe ka mano a galu. La galuli likuyenda malonda kwabasi. Bambo wina wa dzino lobooka, amene wakhala akudikira dokotala wa mano chichokereni dokotalayo, analibwereka n'kuliwerenga lonse. Pobweza anandifunsa monong'ona kuti, "Aphunzitsi, kodi munthu akafuna kukhala galu wa kumeneko amalembetsa ku ofesi iti?" Ndinamulonjeza kuti ndikufunsirani.

Koma limene latitsegula maso ndi lija la kalongedzedwe ka sutikesi popita kutchuthi. Abale inu, umbuli ndi matenda. Ife amene tinalongedza mphika, chikwanje ndi mwana, ndege ili pamutu, sitinkadziwa kuti masokosi amakulungidwa n'kulowetsedwa mu nsapato. Tinkangothawa mwachisawawa, wina nsapato imodzi, wina wopanda n'komwe. Tikamadzathawanso tidzathawa mwadongosolo. Pakadali pano, popeza chipata cha msasa sitidutsa popanda chiphaso, amayi akuyeserera kulongedza popita kumpope.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kabuku ka malangizo kaja. Kale ndinkaganiza mwaumbuli kuti buku labwino ndi limene anthu akulilimbirana. Tsopano ndadziwa kuti labwino ndi limene silikhumudwitsa aliyense: boma limene latisunga, boma limene linatithamangitsa, atsogoleri athu a m'tchire, ndi opereka thandizo a kutsidya kwa nyanja. Motero buku lisatchule msilikali, mbendera, malire, kapena moto wotentha nyumba. Lisakhale ndi mapu. Lisanene za kubwerera, kuopa kutipatsa chiyembekezo, lisanenenso za kukhazikika, kuopa kuopsa eni dziko. Dziko lathu nalo lili ndi mayina awiri, ili limakwiyitsa awa, ilo limakwiyitsa awo, ndiye munatilangiza kuti tizingoti "dziko loyandikana nalo". Mwana akandifunsa kumene anabadwira amayi ake, ndimamuyankha kuti anabadwira moyandikana.

Tatsatira zonse. Kabuku ka kamba tinachotsa, pakuti kamba amayenda ndi nyumba yake, ndipo zimenezo zingapweteke mtima anthu amene anasiya zawo. Ka tambala tinachotsanso, chifukwa nthenga zake zinali zofiira, zoyera ndi zabuluu, wina akhoza kumuyesa mbendera. Ntchito yathu yakale mukuidziwa: mabuku a ana amabwera m'zinenero za eni ake, ife timalemba mawu ake m'Chikareni, chinenero chathu, pa timapepala, n'kumata pamwamba ndi phala la mpunga. Masiku ano phala likutha msanga, chifukwa tikumatanso pa zithunzi. M'kabuku kena munali wapolisi wowolotsa ana pamsewu, tinamumata yense. Tsopano ana a m'bukumo akuwolotsedwa ndi chigamba choyera, ndipo ana athu amakakonda kabukuko, amati n'ka mzukwa.

Nzeru yoposa zonse inali ya bokosi lomaliza lija. Munaona kuti Chikareni chimakayikitsa otisunga poti sachimva, Chibama cha otithamangitsa chimakwiyitsa ife, Chithai cha eni dziko lino chingatiphunzitse kukhazikika, ndipo Chingerezi chingatiyambitse maloto a ndege. Ndiye munatitumizira mabuku a chinenero chosakondera mbali, cha kudziko lina lozizira, chokhala ndi timadontho pamwamba pa zilembo. Mumsasa monse mulibe amene angachiwerenge. Palibe wakhumudwa nawo ngakhale mmodzi, ndipo mapepala ake ndi olimba, amatseka bwino podontha.

Chachitatu ndi lamulo lanu la sikelo. Buku la Akhristu likhale ndi linzake la Abuda ndi la Asilamu. Lonena za mbali ino likhale ndi lonena za mbali inayo. Losowa linzake lidikire m'bokosi. Buku la mbiri yathu linasowa linzake, chifukwa a mbali inayo sanalembe kuti anatentha midzi iti, iwo amati kumeneko kunalibe midzi. Buku la nyimbo zathu za pamaliro likudikira kuti papezeke la nyimbo za amene anatichititsa malirowo. Shelefu ya mbiri yakale tsopano ili mbee, ndipo nkhuku ya oyandikana nafe yaikirapo mazira. Sindinaithamangitse. Dzira lilibe mbali.

Musandiyese wosamva, bwana. Ndikudziwa kuti buku limatha kuyatsa moto. Kuno kuli amene anamenya nkhondo mbali ino, kuli amene abale awo anapatukira mbali ina, ndipo onsewo amatunga pa mpope umodzi. Ndinaonapo abambo awiri aimvi akugwirana pakhosi muno chifukwa cha tsamba limodzi, mpaka shelefu ya mabuku a ana kugwa. Koma m'mawa mwake onse awiri anabweranso, wina mlomo uli wotupa, kudzalimbirana tsamba lotsatira. Chichotsereni bukulo sanapondenso muno. Amakhala pakhonde la wogulitsa mowa wa mpunga, kumene amamenyana popanda tsamba. Mtendere wa mu laibulale ndiye ulipo, umenewo ndikuchitira umboni.

Chachinayi ndi buku la nsomba lija, ndipo apa mundilole nditalikitseko.

M'chigawo chathu muli wometa tsitsi, Saw Dah Ler, mnzanga amene tinakhala benchi imodzi kusukulu ya msasa. Iye analowa mumsasa muno ali kumsana. Womubereka anali achemwali ake, a Naw Ku Lweh, amene panthawiyo anali kamtsikana kosatha msinkhu. Mudzi wawo wa Htee Ler Khee utatenthedwa, makolo anatsala komweko, ndipo iwo anayenda ndi khandalo kutsika mapiri, kuwoloka mtsinje ndi mtsinje, mpaka kufika pa mtsinje waukulu wa pamalire. Anamulera, anamupezera banja, iwo osakwatiwa. Ndi mayi amene anawomba nsalu zofiira za theka la akwati a chigawo chino, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko. Ukadutsa pakhomo pawo ndi tsitsi losapesa, unkamva dzina lako ndi la amako.

M'chilimwe chapitachi ndege zinayambanso kuponya mabomba kutsidya, mpaka madenga athu a masamba kumanjenjemera. Tsiku lina kutaphulika pafupi, a Ku Lweh anali pampope. Anasiya ndowa ikusefukira, anapita kukakhala pa makwerero a nyumba yawo atayang'ana kumadzulo, ndipo sanayankhulenso. A kuchipatala anawapima, anapereka mapiritsi, anati thupi lilibe vuto. Ife tonse tinadziwa chimene chachitika. Inunso mukudziwa, pakuti chithunzi cha mwambo wathu womanga ulusi woyera pamkono chili pa kalendala yanu, mwezi wa Ogasiti. Munthu akadzidzimuka kwambiri mzimu wake umathawa iye akali moyo, ndipo umafunika kuitanidwa kuti ubwerere m'thupi, kenaka n'kuumanga ndi ulusi. Ine ndine wa mpingo, Lamulungu ndimaimba kwaya, koma ulusi ndimamanga. Abusa athu nawo amangotsitsa mkono wa malaya.

Mkulu woitana mizimu m'chigawo chathu anagogoda chipande pa makwerero, anaitana, anaitana, koma ayi ndithu. Ndiye anati, "Uwu sunapite pafupi. Wabwerera kumudzi kukafuna amake. Muziutchulira mitsinje yonse imene anawoloka, umodzi umodzi, mwa ndondomeko yake. Ndipo musauthamangitse, ndi wa munthu wamkulu, uziyenda pang'ono tsiku lililonse." Apa ndi pamene panagona vuto. Wodziwa njirayo ndi a Ku Lweh omwewo, amene sakuyankhula. Dah Ler anaidutsa ali mtulo kumsana. Akuluakulu a kuchigwa chimenecho ena ali pa phiri la manda, ena anawatengera ku America. Mmodzi amene tinamupeza pa foni anatchula mitsinje iwiri, kenaka n'kuyamba kufunsa ngati njati yake yolimira yamwetsedwa. Mapu a pa foni amasonyeza kubiriwira kokhakokha, ngati kumeneko sikunakhaleko munthu.

Dah Ler anabwera kwa ine kudzafuna mapu. Ndinamuuza monyadira kuti laibulale yathu ndi yoyera, ilibe mapu. Kuti asabwerere chimanjamanja ndinamupatsa buku lakale la Chibama, la nsomba za m'mitsinje ya kumapiri, poti munthuyo amakonda nsomba ngakhale sanaponyepo mbedza. Bukulo linapulumuka masefa anu onse chifukwa linali pa shelefu ya ulimi ndi ziweto, kumene ngakhale chiswe chimapita mwaulesi. Linalembedwa kalekale ndi munthu wa boma, wa nthambi ya nsomba, amene anayenda ndi kaukonde kutsika chigwa chonse, akulemba mtsinje uliwonse, mudzi umene uli pamenepo, ndi nsomba zimene anagwira. Tsamba loyamba, pamene panali nkhope ya mkulu wa asilikali, linapita kale, wina anapichirira fodya. Sipanapite nthawi, Dah Ler anabwera akuthamanga, lumo lili m'manja, kasitomala atamusiya mbali imodzi yosameta. "Pleh Htoo, iwe! Mudzi wathu uli umu! Pakati pa nkhanu ndi milamba, taona!"

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ankakhala pa makwerero, buku pamwendo, chipande m'manja, akuwerenga Chibama chake chotsimphina. "Bwerani achemwali, bwerani. Musakhale pamvula, musakhale padzuwa. Chokani pa Htee Ler Khee, wolokani mtsinje wakuti. Kuno kuli mpunga, kuli nthochi, bwerani." Mitsinje iwiri kapena itatu basi, n'kutseka buku. Sekani ngati mukufuna, bwana, ine ndikunena zimene ndinaona ndi maso angawa. Mayi amene anakhala ngati chitsa anayamba kutembenuza mutu. Kenaka analandira phala. Tsiku lina Dah Ler atapotoza dzina la mtsinje wina, iwo anatsonya! Chigawo chonse chinamva kuti a Ku Lweh atsonya, ndipo anthu anasangalala ngati kwabadwa mwana. Mzimu wawo anali ataufikitsa pa mtsinje wa Ta Keh Klo, pakatikati pa njira, pamene sabata yobwereka inatha, ndipo Dah Ler, pomvera lamulo lanu, anabweretsa buku kuti ndilidindenso.

Chachisanu, zikomo potitumizira nthumwi yanu tsiku lomwelo. Mtsikana waulemu zedi. Anavula nsapato pakhomo, anatigawira mabisiketi, anayamikira mazira. Buku la nsomba analipeza pa tebulo langa likudikira chidindo. Anangolitembenuza kawiri, nkhope n'kusintha. Milandu yake inali itatu: pachikuto pali chizindikiro cha boma la asilikali, kumapeto kuli mapu opinda osonyeza madooko a pamalire, ndipo m'kati muli mayina a midzi imene boma lomwelo tsopano limati sinakhaleko. Ndiye kuti buku limodzi likukhumudwitsa ife, likukhumudwitsa otisunga, likukhumudwitsanso eni ake amene analisindikiza. Ndinalipatsa ulemu, sindiname. Si buku lililonse lingakwanitse zimenezo.

Dah Ler anagwada. Kudzera mwa womasulira anati, "Mayi, bukulo tengani, koma mundilole ndijambule masamba otsalawo pa foni. Achemwali anga ali panjira." Nthumwi yanu inayang'ana m'kabuku ka malangizo, ndipo misozi ili m'maso inati chinthu chimene chikuunikidwa sichijambulidwa. Mtsogoleri wa chigawo chathu, amene anabwera kudzathandiza kudya mabisiketi, anavomereza ndi mutu. "Lichoke limenelo, ndi la adani. Chinenero chimenecho ndi chimene ankafuulira potentha nyumba zathu." Sananame, n'zoona ankafuulira chimenecho. Koma chibadwire ndinali ndisanaonepo mtsogoleri wathu, bungwe lanu ndi boma la asilikali akugwirizana pa chinthu chimodzi. Mgwirizano umene zokambirana zonse zinaulephera mwaubweretsa inu, ndipo unakwana m'kathumba ka pulasitiki kamene nthumwi yanu inatengeramo bukulo.

Mufunsa kuti bwanji sanakopere mayinawo kale. Nanenso ndinamufunsa, mokalipa. Anati, "Buku lakhala pano zaka zonsezi osalikhudza ngakhale khoswe, ndikanadziwa bwanji kuti ndi loopsa?" Akulu ananena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ife timaiwala msanga, tikaona chinthu chili pa shelefu timayesa n'chathu.

Chachisanu ndi chimodzi, zikomo chifukwa cha yankho lanu. Munatilembera kuti bukulo lili pa tebulo lanu, komiti idzalikambirana mvula ikatha, ndipo kuti tisasowe chowerenga pa nkhani ya nsomba munatitumizira lina lolowa m'malo mwake, la kasungidwe ka nsomba zofiira m'mbale yagalasi. Nsomba kusinthana ndi nsomba, chilungamo chenicheni. Tinaliwerenga pagulu. Likuti nsomba ya m'mbale sifunika kudziwa mtsinje. Muziithira chakudya choyeza, muzisintha madzi, musaiike pafupi ndi zenera, ndipo mbale ikhale yozungulira kuti nsombayo iziyesa ikupita kwinakwake. Titamaliza panalibe woseka. Pa mabuku onse amene mwatitumizira, ili lokha ndi limene likunena za ife, ndipo ndikudabwa kuti linadutsa bwanji sefa.

Tsono a Ku Lweh. Dah Ler anayesa kupitiriza pamtima. Anakumbukira dzina limodzi, koma sakudziwa ngati limabwera patsogolo kapena pambuyo, ndipo mkulu woitana uja anamuletsa kuti, "Ukausokeretsa ndiye wautaya." Choncho mzimu uli pamene tinausiya, m'mbali mwa Ta Keh Klo, nyengo ya mvula, mitsinje itadzaza, m'tchire la mabomba okwirira. Kumudzi kuja unali pakati pa akwawo, ngakhale akufa. Ife ndi amene tinautulutsako n'kuusiya panjira. Phala mayiwo anasiya. Dzulo analandira timadzi ta mpunga tochepa, ndipo mkono umene tikufuna kumangapo ulusi watsala ngati kansungwi. Dah Ler sakumeta. Amakhala pa makwerero n'kumagogoda chipande popanda chonena, kuti achemwali ake azimva kuti sitinachoke. Kugogodako kumafika mpaka mu laibulale muno, ndipo ine kukundidwalitsa mtima, ndikunena poyera. Mwambo waukulu womanga ulusi ndi mwezi uno ukakhala wathunthu. Mkuluyo akuti tsiku limenelo likadutsa mzimu usanafike, tisavutikenso kuitana.

Ndafika pa pempho langa, ndipo ndi laling'ono. Sindikupempha kuti mubweze buku. Ndine yani ine kuti ndidumphe komiti? N'zoona kuti galimoto ya mpunga imafika kuno mwezi usanakhale wathunthu, ndipo buku n'lopepuka kuposa thumba, koma zimenezo sindinanene, mwangoziganiza nokha. Pempho langa ndi ili: popeza munthu wololedwa kutsegula bukulo tsopano ndinu nokha, mutiitanire a Ku Lweh.

M'phukusi limene labwera ndi kalatayi muli chipande chatsopano cha nsungwi ndi ulusi woyera. Mpunga ndi nthochi mugule konko, zathu zikanaola panjira. M'mawa, musanayambe misonkhano, mukhale pa masitepe a ofesi yanu, osati m'kachipinda kaja kokwera kokha. Tsegulani pamene pali tsamba louma la nsungwi, ndi pamene Dah Ler analekezera. Gogodani chipande, muitane dzina lawo mwaulemu, ndi munthu wamkulu. Werengani mitsinje mwa ndondomeko yake, osadumpha ngakhale umene dzina lake likukhumudwitsa wina. Nsomba zokha mukhoza kudumpha. Muwauze aziponda m'mapazi a njati, chifukwa cha mabomba. Akafika pa mtsinje waukulu muwauze asaope, mizimu siifunsidwa chiphaso. Mukapotoza dzina n'kumva wina akutsonya, musadzidzimuke, ndiye kuti ayandikira. Ndikudziwa kuti ntchito imeneyi siili pa kalata yanu ya ntchito, koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

Tikudziwa chimene chidzachitike. Mzimu umapita kumene kuli mawu ouitana, choncho sudzabwera kuno, udzabwera kwa inu. Tinakambirana zimenezi, ndipo Dah Ler anati, "Bola akakhale kwa bwanayo kusiyana ndi kutchire. Kumeneko akuti sikudontha." Thupi musadere nalo nkhawa, limenelo tidzalikweza tokha kuphiri, malo akalipo. Ulusiwo mumange pa mkono wanu, kuti asachokenso.

Akafika, chonde muwapatse mpando m'chipinda cha komiti. Sadzakuvutitsani. Sadya, sayankhula, safunsa mapu, alibe mawu pa boma lililonse, ndipo palibe buku limene lingawakhumudwitse. Ndi wowerenga amene mwakhala mukumusankhira mabuku zaka zonsezi, ndipo ndi bwino kuti muonane.

Ine wanu wogwada mpaka maondo kuchita zipsera,

Naw Pleh Htoo,
Wophika phala lomatira, woyang'anira mashelefu ndi mazira,
Laibulale ya kumtunda kwa mpope.